Mbewu ya Mbatatesi ndi Mankhwala Oletsa Kuphuka: Kabuku ka Mabanja Olima Kachewere

Mawu oyamba

Mlimi wa mbatatesi amafuna zinthu ziwiri zosiyana kuchokera m'munda umodzi. Mbatatesi yakudya ndi yogulitsa amafuna ikhalitse osaphuka, chifukwa ikangophuka imayamba kufota, imapepuka pasikelo, ndipo wachiwaya amaikana kapena kuigula motchipa. Koma mbatatesi yobzala amafuna iphuke maso ambiri, mphukira zake zikhale zazifupi ndi zamphamvu. Pofuna kuthandiza pa chosowa choyambacho, akatswiri anapanga mankhwala oletsa mbatatesi kuphuka ili m'nkhokwe. Mankhwalawa amagwiradi ntchito yake, koma akakhudza mbewu yobzala amaipha maso, ndipo mlimi amadzazindikira mochedwa, feteleza atathira kale, mizere ili mbee.

Kabuku kano kakufotokoza mmene mankhwalawa amagwirira ntchito, njira zimene amafikira pa mbewu ya mlimi amene sanawagule n'komwe, ndi mmene banja lingasungire mbewu yake popanda mankhwala oletsa kuphuka. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: mbatatesi yakudya ndi mbatatesi yambewu zisiyane njira kuyambira kumunda mpaka kosungira.

Mbatatesi yokumbidwa imakhala idakali moyo

Chimanga chikauma chimangokhala phee m'thumba. Mbatatesi sitero. Imapuma, imatulutsa mpweya ndi kutentha pang'ono, imataya madzi, ndipo imakalamba. Timaenje tija timati maso ndi pamene pamatuluka mphukira, ndipo mphukira iliyonse yamphamvu imadzakhala tsinde lobereka mbatatesi zake. Matsinde akachepa paphando, zokolola zimachepanso.

Mbewu imadutsa m'misinkhu inayi. Ikangokumbidwa imagona, osaphuka ngakhale muiike m'dothi lonyowa. Kugonaku kumatenga miyezi iwiri kapena itatu pa mitundu yambiri, koma mitundu ina imadzuka msanga, ndipo kutentha kapena mabala a khasu zimafupikitsa tulo take. Ikadzuka, limayamba kuphuka ndi diso lakumutu lokha, n'kumapondereza maso enawo. Mukabzala pamsinkhu umenewu mumapeza tsinde limodzi kapena awiri, mbatatesi zikuluzikulu koma zowerengeka. Kenako maso enanso amatseguka, mphukira n'kukhala zitatu, zinayi kapena zisanu. Apa ndiye pabwino kubzala. Ikapitirira pamenepo imakalamba: khungu limachita makwinya, mphukira zimakhala zopyapyala ngati ulusi, ndipo nthawi zina imabereka timbatatesi ting'onoting'ono pamaso pomwepo isanabzalidwe.

Mankhwala oletsa kuphuka amalowerera pa misinkhu imeneyi. Ena amangochedwetsa kudzuka, ena amawononga diso mpaka kalekale. Kusiyana kumeneku ndiko kofunika kukudziwa.

Mankhwala amene amapha maso

Otchuka kwambiri padziko lonse ndi chlorpropham, amene ambiri amangowatchula kuti CIPC. Anayamba kugwiritsidwa ntchito pa mbatatesi m'zaka za m'ma 1950. M'nyumba zikuluzikulu zosungiramo mbatatesi amawafukiza ngati nkhungu, ndipo zokupiza mphepo zimawalowetsa pakati pa mulu wonse. Kwina amawawaza ngati ufa kapena kuwapopera pamene mbatatesi ikulongedwa. Ntchito yawo ndi kuletsa timaselo ta padiso kugawikana. Chomera chimakula pamene maselo ake akugawikana n'kuchulukana, choncho diso limene lalandira mankhwalawa limalephera kutulutsa mphukira yeniyeni.

Choopsa china cha CIPC n'chakuti satha msanga pamalo. Amalowerera m'simenti, m'matabwa, m'mabokosi ndi m'fumbi la m'ming'alu, n'kumatuluka pang'onopang'ono kwa zaka. Zili ngati chigubu chimene munasungiramo palafini: mungachitsuke kangapo, koma madzi akumwa simungaikemonso. Mayiko a European Union anagamula mu 2019 kuti asavomerezenso mankhwalawa chifukwa cha nkhawa pa thanzi la anthu, ndipo pofika Okutobala 2020 anali atasiya kuwagwiritsa ntchito. Dziko la Britain linasiyanso chaka chomwecho. Komabe nyumba zakale zinapitiriza kupatsira mbatatesi yatsopano imene sinathiridwe kanthu, moti mu 2021 akuluakulu a European Union anachita kuika malire apadera a mamiligalamu 0.4 a mankhwalawa pa kilogalamu ya mbatatesi kuti nyumbazo zizigwirabe ntchito pamene zikuyeretsedwa. Ku United States ndi kumayiko ena CIPC akugwiritsidwabe ntchito pa mbatatesi yakudya, ndipo kumeneko alangizi amaletsa kwamtuwagalu kusunga mbewu m'nyumba imene munafukizidwapo mankhwalawa.

Achiwiri ndi maleic hydrazide. Awa sathira m'nkhokwe ayi. Amawapopera m'munda masamba adakali obiriwira, kutatsala masabata angapo kuti akolole, ndipo amatsika ndi madzi a m'chomera mpaka kukakhazikika m'kati mwa mbatatesi. M'mayiko ena amapopera mankhwala omwewa pa anyezi, komanso pa fodya poletsa mphukira za m'khwapa mwa masamba. Poti ali m'kati, kutsuka sikuthandiza, kuyanika sikuthandiza, ndipo pakhungu sipaoneka chizindikiro chilichonse. Munda umene wapoperedwa maleic hydrazide usatengedwemo mbewu, ngakhale imodzi.

Mankhwala amene amangogonetsa

Pali gulu lina limene mphamvu yake imatha. Mafuta ochokera ku zomera monga spearmint, caraway, clove ndi makoko a malalanje amawaula nsonga za mphukira zikangoyamba kutuluka, koma akauluka diso limatha kuphukanso. N'chifukwa chake amawathira mobwerezabwereza. Palinso 1,4-dimethylnaphthalene, amene amapezeka mwachilengedwe m'mbatatesi momwemo ndipo amatalikitsa kugona, ndi mpweya wa ethylene, womwe uja umatuluka m'nthochi ndi m'matimati zikamapsa. Mpweyawu umaletsa mphukira kutalika, ndipo alimi ena a mbewu ku Ulaya amaugwiritsa ntchito mwadala kuti maso ambiri atseguke.

Ena mwa mankhwala a m'gululi amaloledwa pa mbewu m'mayiko ena, koma pamafunika nyumba yotsekeka bwino, muyezo weniweni, ndi masiku okwanira pakati pa kuthira komaliza ndi kubzala. Muyezo ukapitirira kapena mbewu ikabzalidwa msanga, kumera kumachedwa ndipo kumakhala kwapatalipatali. Pakhomo pamene palibe zida zoyezera, si nzeru kuyesera zimenezi pa mbewu imene banja lonse likudalira.

Zimene zimaoneka m'munda

Mbewu yabwino yophuka kale imatuluka pamzere pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo imatulukira pamodzi. Mbewu yokhudzidwa ndi mankhwala imatuluka mwa apo ndi apo: phando ili lamera, awiri otsatira palibe, lachinayi likutuluka patatha mwezi. Mukafukula phando losameralo mumapeza mbatatesi ili yolimba bwinobwino, yosawola, koma pamaso pali timphukira tonenepa tothinana pamodzi tosatalika, kapena palibiretu kanthu. Nthawi zina mphukira imabwerera n'kumakulira m'kati mwa mbatatesi. Imeneyi ndiyo njira yosiyanitsira ndi matenda: mbewu yodwala imawola n'kununkha, pamene yophedwa maso imangokhala osasintha mpaka kudzawola pambuyo pake.

Zomera zochedwa zimapeza zinzake zitatseka kale mzere, motero zimakula zofooka. M'mipata mumamera udzu. Nthawi yokwezera mizere imasokonekera, chiwawu chimapeza zomera zina zidakali zanthete, ndipo pokolola mbatatesi zimakhala zosiyana kukhwima.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mizere ikatalikirana masentimita 75 ndipo mapando masentimita 30, ekala imodzi imakhala ndi mapando pafupifupi 18,000. Mbewu yaikulu ngati dzira la nkhuku, ya magalamu 50, ndiye kuti pakufunika makilogalamu 900, kapena matumba 18 a makilogalamu 50. Phando limodzi pa asanu alionse likakana kumera, mapando 3,600 akhala opanda kanthu, koma ndalama ya feteleza, ya aganyu ndi ya mankhwala a chiwawu yapita yonse. Pa ulimi wa mbatatesi mbewu ndi imodzi mwa zinthu zodya ndalama zambiri, ndiye kuilakwitsa n'kulakwitsa chaka chonse.

Mankhwalawa amafika bwanji pa mbewu yanu?

Alimi ang'onoang'ono ambiri a ku Dedza, Ntcheu, Neno, Mchinji, Ntchisi ndi kutsidya ku Angonia sathira mankhwala oletsa kuphuka, poti mbatatesi yawo imapita kumsika ingokumbidwa. Koma pali zipata zinayi zimene vutoli limalowera.

Choyamba ndi kubzala mbatatesi yogulidwa ngati yakudya. Ya m'masitolo akuluakulu, yochokera kunja, kapena yotsala kumafakitale a tchipisi imaoneka yosalala ndi yokongola, ndipo mtima umafuna kutengako mtundu wake. Mbiri yake simukuidziwa. Mbatatesi imene yakhala miyezi yambiri pamalo ofunda koma maso ake ali gwa, ikayikireni.

Chachiwiri ndi malo osungira. Mbewu yabwino ikasungidwa m'nyumba imodzi ndi mbatatesi yothiridwa CIPC, kapena m'nyumba imene kale munkafukizidwa mankhwalawa, imayamwa mpweya wake.

Chachitatu ndi matumba, mabokosi ndi malona ogula kaunjika. Mbewu iikidwe m'matumba atsopano kapena amene mukudziwa zimene munali.

Chachinayi, chimene chili pafupi kwambiri ndi ife, ndi mankhwala opha udzu a glyphosate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti Roundup. Iwo sanapangidwire kuletsa kuphuka, koma akagwera pamasamba a mbatatesi, ngakhale pang'ono pokha, amatsikira ku mbatatesi za pansi n'kukhala momwemo mpaka nyengo yobzala. Munda wa chaka chino ungaoneke bwino, vuto n'kudzaonekera pa mbewu yake: kumera mochedwa, timphukira tambirimbiri tofooka pa diso limodzi, masamba opiringizika achikasu. Zimachitika mphepo ikauluza mankhwala kuchokera m'munda woyandikana nawo, kapena mukapopera mankhwala a chiwawu ndi sipuleya imene dzulo munapopera udzu osaitsuka bwino. Ngati n'kotheka, sipuleya ya udzu ikhale yakeyake ndipo ilembedwe chizindikiro. Musaumitse masamba a mbatatesi yambewu ndi glyphosate. Dulani matsinde ndi chikwakwa kapena kuwazula mutaponda mbali zonse za phando, kutatsala masabata awiri kuti mukumbe, kuti khungu likhwime.

Funsani musanagule, yesani musanabzale

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wogulitsa mbewu ayankhe mafunso awa: Ndi mtundu wanji? Inalimidwa kuti, ndipo ndi yani? Inakumbidwa mwezi uti? Yasungidwa pati? Inathiridwa chiyani kumunda ndi kosungira? Amene akuzemba mafunsowa musamugule. Alangizi a m'dera lanu angakulozereni alimi ndi magulu ochulukitsa mbewu amene minda yawo imayenderedwa. Mitundu monga Chuma, Thandizo, Zikomo ndi Mwai inatulutsidwa ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi ya boma mothandizana ndi bungwe la International Potato Center, ndipo ku Bembeke m'boma la Dedza kuli malo a kafukufuku amene amagwira ntchito ya mbatatesi. Kaya mumakonda mitundu imeneyi, kaya Rosita kapena Violet, chachikulu n'kudziwa kumene mbewuyo yachokera.

Njira yosavuta ndi kugula mbewu imene yayamba kale kuonetsa mphukira zabwino. Ngati sinaphuke, iyeseni motere, kutatsala mwezi kuti mubzale:

1. Tengani mbatatesi 20 kuchokera m'matumba osiyanasiyana, zapamwamba, zapakati ndi zapansi.
2. Ziikeni m'beseni kapena m'bokosi la mchenga wonyowa pang'ono, osati wa madzi chuchuchu, n'kuzikwirira pang'ono.
3. Pambali pake ikani mbatatesi zina 20 za mbewu imene mukuidziwa bwino, yokumbidwa nthawi yofanana.
4. Ikani pamalo ofunda, pamthunzi, ndipo muziwaza madzi mchenga ukayamba kuuma.
5. Pakatha masabata awiri kapena atatu fukulani n'kuwerenga zimene zatulutsa mphukira zotalika bwino ndi timizu toyera patsinde pake.

Zonse ziwiri zikakana kuphuka, mwina zidakali m'tulo, dikirani. Yanu ikaphuka koma yogulayo ayi, kapena ikangotulutsa timphukira tothinana, musaibzale.

Kuwala ndi mphepo: njira ya pakhomo yosungira mbewu

Chimene chimawononga mbewu m'makomo ambiri ndi kuisunga m'thumba, kuchipinda kwamdima. Mumdima mphukira zimasakasaka kuwala, zimatalika, zimakhala zoyera ndi zosachedwa kuthothoka, ndipo zimayamwa chakudya chonse cha m'mbatatesi. Pakuwala kopanda dzuwa lachindunji zimachita zosiyana: zimakhala zazifupi, zonenepa, zobiriwira kapena zofiirira, zogwira zolimba moti mukazikhudza ndi chala sizigwa. Kuwala kumaletsa mphukira kutalika popanda kupha diso. Alimi a kumapiri a Andes ku South America, kwawo kwa mbatatesi, ankadziwa zimenezi, ndipo bungwe la International Potato Center, limene likulu lake lili ku Lima m'dziko la Peru, linafalitsa njirayi m'mayiko ambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kumadera ozizira a kumapiri mbewu imasungika motere kwa miyezi ingapo ili yamphamvu.

Kamangidwe ka kanyumba kosungiramo mbewuyo n'kotere. Sankhani malo okwera, amthunzi, odutsa mphepo. Zikani nsanamira n'kufolera ndi udzu wochindikala, chifukwa malata amatenthetsa. Denga litulukire kunja ndithu kuti mvula ndi dzuwa zisalowe. Makoma akhale a nsungwi, bango kapena timitengo tosiya mipata ngati chala, kuti kuwala ndi mphepo zizilowa mbali zonse. M'kati mangani mathandala osanjikizana, lapansi litalikire nthaka mpaka m'mawondo, ndipo pakati pa thandala ndi linzake pakhale masentimita 30 mpaka 40. Thandala lisapitirire mita imodzi m'lifupi kuti dzanja lizifika pakati. Yalani mbewu mosanjikiza ziwiri kapena zitatu basi. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limafuna malo pafupifupi mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Muyezo wa kuwala ndi wosavuta: masana muzitha kuwerenga nyuzipepala mutaima pakona iliyonse. Pansanamira kulungani malata osalala kuti makoswe asakwere, ndipo chitseko chikhale chokhoma. Amene ali ndi mbewu yochepa angagwiritse ntchito thandala la pakhonde losafika dzuwa.

Kusamala mbewu ili pathandala

Mbewu yabwino imayambira m'munda. Zomera zisanatseke mizere, yendani n'kuzika kamtengo pa chomera chilichonse champhamvu, chopanda masamba opiringizika kapena amawangamawanga. Bwererani nthawi ya maluwa n'kuchotsa kamtengo pa chimene chayamba kudwala, kapena chimene chayandikana ndi chofota. Zokhala ndi timitengozo zikumbidwe poyamba, paokha. Sankhani zazikulu ngati dzira, zopanda mabala, zopanda maso otuluka mafinya, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro cha matenda ofota amene amakhalitsa m'nthaka.

Sabata iliyonse lowani m'kanyumbako. Chotsani zowola, tembenuzani zapansi zibwere pamwamba. Onani pamaso ngati pali tindowe takuda tonga utuchi, chizindikiro cha timphutsi ta njenjete ya mbatatesi, ndipo zogwidwazo zichotsedwe n'kukwiriridwa mozama. Masamba ouma a bulugamu kapena a lantana oyalidwa mopyapyala amathandiza kuingitsa njenjeteyi. Yang'ananinso nsabwe pamphukira, poti zimafalitsa matenda a mavairasi. Zikachuluka funsani alangizi mankhwala oyenera.

Mukaona kuti yaphuka diso lakumutu lokha, thyolani mphukirayo kamodzi, kutatsala masabata atatu kapena anayi kuti mubzale, ndipo maso enawo adzatseguka. Musamathyole mobwerezabwereza, mbewu imatopa. Pobzala mphukira zikhale za sentimita imodzi kapena awiri. Nyamulirani m'madengu kapena m'mabokosi, osati m'matumba othinana.

Konzani nthawi. Mbewu yokumbidwa mu Malichi kapena Epulo singakhale itadzuka bwino ngati mukufuna kuibzala kudimba mu Meyi, pamene yodikira mvula ya Novembala kapena Disembala ikhala pathandala nthawi yaitali ndipo ingakalambe. Nthawi zambiri mbewu ya kumunda wamvula imayenera dimba lobzalidwa mochedwerapo m'miyezi yozizira, ndipo yokumbidwa kudimba imayenera munda wamvula.

Kumbukirani kuti mbatatesi yokhala pakuwala imabiriwira, ndipo yobiriwira imakhala ndi poizoni wotchedwa solanine, amene satha ndi kuphika. Kwa mbewu kubiriwiraku n'kwabwino, koma isadyedwe ndipo isapatsidwe ziweto. Ana auzidwe zimenezi momveka. Chimodzimodzinso mbewu iliyonse yothiridwa mankhwala ophera tizilombo.

Nanga yakudya?

Yakudya imafuna mdima, kuzizira ndi mphepo. Mukakumba isiyeni pamthunzi sabata imodzi kapena awiri kuti mabala apole, musaitsuke, kenako iikeni pathandala m'chipinda chamdima chodutsa mphepo, kutali ndi moto wa kukhitchini. Mphukira zikayamba, zithyoleni, ndipo pophika sendani n'kuchotsa maso ndi pobiriwira ponse. Yowawa itayeni. Kubzala magawo awiri kapena atatu motalikirana masabata kumathandiza kuti musakhale ndi mulu waukulu wosunga nthawi imodzi.

Musagule ufa kapena madzi opanda chizindikiro amene wina akuti amasunga mbatatesi. M'Malawi mankhwala a mbewu amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, ndipo pa botolo payenera kulembedwa mbewu imene mankhwalawo analoledwa, muyezo wake, ndi masiku odikira musanadye.

Kwa makalabu ndi makopaletivi

Gulu limene likuganiza zomanga nyumba yosungiramo mbatatesi ligwirizane mfundo izi zisanayambe ntchito. Nyumba ya mbewu ikhale payokha, ndi matumba, mabokosi ndi sikelo yakeyake. Mukabwereka kapena kuchita lendi nyumba yakale, funsani zimene zinkathiridwamo, ndipo ngati munalowapo CIPC musaikemo mbewu. Pakhale kope lolembamo mwini wa mbewu iliyonse, mtundu, munda, tsiku lokumba ndi mankhwala onse amene anapoperedwa. Membala mmodzi asankhidwe kuti aziyesa kameredwe ka mbewu yonse isanagawidwe kapena kugulitsidwa, ndipo zotsatira zake zizinenedwa pamsonkhano. Oyandikana minda azichenjezana tsiku lopopera mankhwala a udzu, ndipo asapopere kukuwomba mphepo. Gulu lochita zimenezi limateteza minda ya mamembala ake, ndiponso limapeza ogula obwerera chaka ndi chaka, chifukwa mlimi amene mbewu yanu inamumerera phando lililonse amabwera ndi anzake.